Chipereganyu cha Machaputala

Digiri ndinaiyamba pa foni. M'kachipinda ka wantchito, kuseri kwa khitchini, pafupi ndi makina ochapira. Ana a madamu akapita ku sukulu, ine n'kutsegula manotsi. Yunivesite ili kwathu ku Malawi, ine ndili ku Dubai. Maphunziro a pa intaneti, a za chisamaliro cha anthu.

Kunyumba sankakhulupirira. Sindiwaimba mlandu. Ndinakulira ku Zingwangwa, ndipo palibe chimene ndinatsirizapo. Kosi yosoka ndinaisiya pakati. Ku Joni ndinachokako dzinja lisanathe. Ku Dar ndinagulitsako nsapato za eni ake, n'kutopa nazo. Ku Muscat, miyezi yochepa chabe. Achimwene anga amati ndikafika pamalo ndimayamba ndafunsa pokwerera basi.

Koma digiri iyi ndinaigwiritsa. Chaka choyamba, chachiwiri, mpaka chomaliza. Kunatsala chinthu chimodzi, disateshoni, lipoti lalikulu la kafukufuku. Ikadutsa, ndivala gauni. Ikakanidwa, zaka zonsezo zalowa m'madzi.

Mutu wake unali wanga, wochokera m'moyo womwe ndinkauona. Mmene amayi a ku Malawi ogwira ntchito m'nyumba za kuno amalerera ana awo pa foni. Ndinacheza ndi amayi ambiri. M'basi. Panja pa tchalitchi. M'mapaki, diso lili pa ana a mabwana. Ena mwa iwo anathawa kwa mabwana awo, mapepala alibe. Asanalankhule ankandigwira mkono.

"Mawu angawa asakamveke kwina."

Ndinkawagwira dzanja, n'kulonjeza. Mayina ndinasintha. Mawu omwe ndinajambula ndinawasunga ndekha.

Vuto linali Chingerezi cha ku yunivesite. Cholankhula ndimachitha. Cholemba chija, cha marefarensi ndi mayina a azungu ndi zaka zawo, chinkandizunguza mutu. Supavaiza yemwe anandipatsa sankayankha maimelo. Kenako ndinamva kuti anapita kunja kukaphunzira.

Thandizo anandipezera ndi Emeldah. Emeldah ndi wa ku Chipata, amayala mabedi mu hotela ina ku Downtown. Nayenso ankapanga digiri yake pa intaneti, ya za mahotela. Tinkadyera m'mbale imodzi. Tsitsi langa ankaluka ndi iyeyo.

"Iwe, bwela ku Satwa pa Sande," anatero. "Kuli ba ticha. Bamakonza Chizungu monga telala."

Ba ticha anali a Stafford. Munthu wamkulu, wa ku Zomba, imvi pang'ono m'mbalimu. Kumudzi ankaphunzitsa Chingerezi ku sekondale. Kuno ndi mkulu wa alonda pa nsanja ina ya maofesi. Amalankhula mosafulumira, ngati belu lotulukira lili kutali. Wachinayi anali Jethro, mlonda wa pansi pawo, wa ku Area 25. Iyeyu ankapanga za bizinesi, ndipo pakamwa pake panalibe buleki.

Tinkakumana Lamlungu tikaweruka ku tchalitchi. Ku Satwa, dera lina la mu Dubai, kuseri kwa mashopu a matelala kuli kafiteriya ya Mmwenye wina wosalankhulalankhula. Tebulo la pakona, pansi pa choziziritsa chodontha madzi. Tiyi wa karaki m'timakapu ta pepala.

Tinkachitcha chipereganyu. Chofanana ndi cha amayi a mumsika, kungoti chathu chinalibe ndalama. Sabata ino ndi ya uyu. Tonse tiwerenge chaputala chake, tichikwapule, timusonkhere nzeru. Sabata yamawa ndi ya wina. Ukadya za anzako, pa tsiku la anzako usasowe. Lamulo linali lomwelo. Ntchito yonse ikatha, umaisiya m'laputopu ya a Stafford kuti aipukute. Marefarensi, mitu, manambala a masamba, zonse zikhale pa mzere. Ukatero n'kutumiza.

Tsiku langa loyamba ndinatuluka thukuta. A Stafford sankafuna zowerengera pa foni. Ankati pepala ndi bolopeni basi. Aliyense anali ndi kope lake.

Jethro anawerenga mokweza, mpweya n'kumuthera pakati.

"Asisi, chiganizo ichi chanyamukira ku Limbe, chafika ku Karonga chosaima pa siteji."

"Werenga bwino iwe."

"Ndikuwerenga. Koma tiyimeko pa Balaka, anthu atayeko madzi."

Emeldah anaseka mpaka tiyi kumutsamwa. A Stafford sanaseke. Anajambula mzere pakati pa ndimeyo.

"Achemwali, ganizo limodzi, chiganizo chimodzi. Nanga wolemba mabuku Parker mwamutchula apayu, mwamuwerengadi? Kapena mwangomumva m'basi?"

"Ndawerenga pang'ono, aphunzitsi."

"Pang'ono pake ndi pati?"

"Poyambirira."

"Kamalizeni. Munthu sumutchula kuti ndi mboni yako usanamve zimene akunena."

Anandiphunzitsadi. Izo sindikana. Anandionetsa poika mawu a amayi aja kuti alankhule okha, ine osawalankhulira. Anandiletsa mawu akuluakulu omwe ndinkatola m'dikishonale. Nditalemba za mayi wina amene amathandiza mwana wake homuweki pa foni atabisala m'bafa la bwana, a Stafford anavula magalasi. Kenako anati, "Apa musakhudzepo. Pali bwino."

Ndinabwerera ku nyumba ya madamu ndikuyandama.

Miyezi inapita. Sindinajombepo. Ya Jethro ndinawerenga, manambala ake osagwirizana. Ya Emeldah ndinawerenga kawirikawiri, ngakhale si tsiku lake. Yanga inayamba kutha. Ndinaimaliza Ramadani atatsala pang'ono, n'kuisiya kwa a Stafford monga mwa lamulo.

Ramadani m'nyumba ya madamu ndi nkhondo. Kuphika kuyambira masana. Alendo tsiku ndi tsiku. Mbale zosatha.

"Tawina, habibti, wokondedwa wanga," anatero madamu, "ofu palibe mpaka Idi. Ndidzakubwezera."

Sindinatuluke mwezi wonse. Ndinalembera a Stafford kufunsa ngati amaliza. Anayankha kuti, "Ili m'manja abwino. Musathamange." Sindinathamange. Idi itadutsa ananditumizira. Inali yoyera, yoongoka, ngati si ine ndinalemba. Koma mawu onse anali anga. Ndinaitumiza ku yunivesite ndikuyimba nyimbo.

Patapita masiku foni inalira ndikusita. Nambala ya kumudzi. Anali Mayi Kalinde, supavaiza yemwe anandilandira kumapeto, woyamba uja atachoka. Tinali tisanadziwane kwenikweni.

"Tawina, muli pokhala?"

"Ndaimirira, mayi."

"Khalani pansi. Ndakutumizirani lipoti. Tsegulani."

Ndinatsegula. Disateshoni yanga, tsamba ndi tsamba, yopakidwa utoto wofiira. Ndime zathunthu. Mawu a amayi aja. Ngakhale za m'bafa zija.

"Tili ndi makina oyang'ana zokopera," anatero Mayi Kalinde. "Amayerekeza ntchito iliyonse ndi zimene ophunzira anatumiza kale, dziko lonse lapansi. Chofanana amachipaka chofiira. Yanuyi ikufanana ndi ya wophunzira wina wa pa yunivesite ina konko ku Dubai. Iyeyo anatumiza mwezi wathawu."

"Koma ndinalemba ndine."

"Makina sadziwa amene analemba. Amangodziwa amene anayamba kutumiza."

Anati komiti idzakhala. Ndidzalowe pa vidiyo. Ndidzabweretse umboni. Akandipeza wolakwa, akhoza kundichotsa sukulu.

Malaya a bwana ndinawapeza atapsa pa kolala.

Sindinavutike kuganiza. Machaputala tonse tinkawaona pa pepala. Fayilo yathunthu inali ndi munthu mmodzi.

Lamlungu sindinapite ku Satwa. Ndinkadziwa kumene a Stafford amapita madzulo akachoka kumeneko. Ankati ali ndi mnzawo ku Naif, cha ku Deira, wa shopu yotayipa ndi kufotokopa. Ndinakwera sitima, n'kutsika ku Deira, n'kulowa m'tinjira tija. Dzuwa likadaotchabe. Amuna okankha ngolo za makatoni. Fungo la mafuta onunkhira ndi la nkhuku yootcha. Anyamata a mafoni akundikoka ndi mawu. Sindinacheuke.

Shopuyo ndinaipeza pansi pa nyumba ya alendo. Pagalasi anamatapo mapepala a Chingerezi ndi Chiarabu. Limodzi linkalonjeza thandizo kwa ophunzira a ku yunivesite. Nambala ya foni pansi pake ndinkaidziwa pamtima.

Anali kumbuyo, laputopu patsogolo. Pambali pawo panali mnyamata wovala bwino, kiyi ya galimoto pa tebulo. Anandiona. Nkhope yawo sinasinthe. Anamaliza kaye ndi kasitomala.

"Khalas, tathana. Lachinayi, inshallah."

Mnyamatayo anatuluka. A Stafford anandikokera mpando womwewo, ukadali wofunda.

"Khalani, achemwali. Karaki?"

"Ayi."

Ndinawapatsa foni. Anayang'ana masamba ofiira aja, akutsitsa ndi chala pang'onopang'ono. Anapumira m'mwamba.

"Ndiye kuti ayamba kuyang'ana," anatero.

"Ndani?"

"Akumudzi. Ine ndimayesa makina amenewa ndi a kuno kokha. Yunivesite yanu ija netiweki yomwe imavuta. Magetsi omwe. Ndinati za kuno ndi za uko sizingaonane."

Ndinkayembekeza kuti akana. Ndinali nditakonza mawu a munthu wokana.

"Mwaigulitsa."

"Mwana wina anali pamoto. Masiku atamuthera, mutu wake uli pafupi ndi wanu. Yanu inali itangokhala m'laputopumu mwezi wonse. Sindinaipereke mmene inalili. Ndinasintha. Malawi anakhala Uganda. Blantyre anakhala Kampala."

"Amayi aja?"

"Ndinawapatsa mayina a kumeneko."

Mwini shopu anayatsa makina ofotokopa. Tinadikira phokoso lithe.

"Aphunzitsi, komiti ikhala posachedwa. Mudzalowe pa vidiyo. Mudzanene zimene mwanenazi. Basi. Sindikufuna china."

"Achemwali."

"Kapena mulembe. Mizere iwiri."

"Ndikavomera zimenezo, ndavomera kuti ndimagwira ntchito ina kunja kwa viza yanga. Yunivesite yanu idzalembera ya kuno. Ya kuno idzafunsa mwana uja. Mwana uja adzaloza shopu ino. Mapeto ake mukuwadziwa. Ndege yobwerera kumudzi. Ine ndili ndi ana kusukulu."

"Ine ndilibe kanthu?"

"Sindinatero. Mverani. Ndikulemberani ina. Mutu wina, yatsopano, yoti makina asaidziwe. Sinditenga nthawi."

"Ija ndinalemba ndekha."

"Ndikudziwa. Inali ntchito yabwino. Mwana uja anakhoza nayo kwambiri."

Ananena ngati akundiyamikira. Ndikhulupirira ankaganizadi choncho.

Nditaimirira anawonjezera. "Muli ndi mawu a amayi aja pa foni. Apatseni akomitiwo. Umboni ndi umenewo. Ine simukundisowa."

Ndinatuluka osatsanzika. Ndinayenda mpaka kumtsinje, pokwerera timabwato. Ndinaimbira Emeldah ndili pomwepo. Ndinamuuza zonse.

"Ah ah. Ba ticha? Iwe, unama."

"Anena okha."

"Mulungu wanga. Manje tizachita bwanji?"

"Udzalowe pa vidiyo. Udzanene kuti unkandiona ndikulemba. Chaputala ndi chaputala."

"Nizakamba. Nenzepo ine. Na Jethro azakamba. Osadandaula, mwana."

Mtima unatsikako. Ndinakwera sitima yobwerera.

Mkati mwa sabata ndinayesa njira inayo, ya mawu ojambulidwa aja. Sindikanapereka mawu a munthu osamupempha. Ndinaimbira mayi mmodzi, yemwe m'disateshoni ndinamutcha Lulu. Ndi wa m'bafa uja. Anathawa kwa bwana wake, tsopano amagwira maganyu oyeretsa m'nyumba za anthu. Ndinamufotokozera bwinobwino, osabisa.

Nditamaliza anandifunsa.

"Ndiye nkhani ya mwana wanga ili m'buku la munthu wina?"

"Dzina lanu mulibe."

"Koma ili mmenemo."

"Ili mmenemo."

"Ndiye mukufuna mupereke ndi mawu anga omwe. Mmene ndinatchulamo dera la bwana. Mmene ndinaliramo."

"Akomiti okha ndi amene adzamve."

"Aphunzitsi anuwonso munkati ndi okha adzawerenge."

Anapitiriza.

"Munandigwira dzanja, Tawina. Ine sindinakukakamizeni kulonjeza."

Anadula. Ena sindinawaimbirenso.

Ndinatsala ndi Emeldah ndi Jethro. Lamlungu lotsatira ndinapita ku Satwa kuti tikagwirizane zokanena. Ndinkaganiza kuti ndikapeza awiri. Ndinapeza atatu. Tebulo lomwe lija. Timakapu tinayi ta karaki, kamodzi patsogolo pa mpando wanga. A Stafford ali ndi bolopeni m'manja, akulemba pa chaputala cha Jethro.

Sindinakhale pansi.

"Akutani pano awa?"

"Nkala pansi, iwe," anatero Emeldah. Maso ake anali pa kapu.

"Ndafunsa."

Jethro anakanda m'mutu. Nthabwala zinali zitamuthera. "Asisi, tinakambirana. Zimene achita aphunzitsi n'zolakwika. Tawauza. Avomera."

"Avomera kwa inu."

"Eya. Koma taonani. Inu munadya kale. Machaputala anu onse tinawerenga, mpaka anapukutidwa. Ine ndili pa chachitatu. Ya Emeldah ili m'laputopu. Mukachiphwanya pano chipereganyuchi, ifeyo tilowera kuti?"

"Ndinadya chiyani, Jethro?"

"Sindikunena choncho."

"Wanena."

"Ndikunena kuti akomiti akatifunsa kuti ankakuthandizani ndani, tidzati chiyani? Tikawatchula, apita. Komanso ndi abwana anga ku ntchito, asisi. Shifiti amalemba ndi iwowa."

Ndinayang'ana Emeldah. "Iwe?"

"Nipase chabe mwezi umodzi. Nitumize yanga. Nikatumiza nizakamba vonse."

"Komiti ndi sabata ino."

"Ubapemphe basinthe siku."

"Sukuopa kuti yakonso agulitsa?"

"Banalumbila."

A Stafford sanadzutse mutu nthawi yonseyi. Anamaliza ndime yomwe ankakonza. Kenako anatenga kope lina la chaputala cha Jethro n'kulikankhira ku mpando wanga.

"Lero ndi la Jethro," anatero. "Iye pa masiku anu sanajombepo."

Ndinayang'ana pepalalo. Chala changa chinafika pa mzere woyamba chokha. Panali cholakwika pa mutu pomwe, chilembo chosowa. Ndinachiona. Sindinanene.

Emeldah ananditsatira panja, mpaka pa shopu ya telala wina. Anandigwira chikwama.

"Nitumizile linki. Nizayesa. Olo sinibatchule ba ticha, nizakamba kuti nenze kukuona ulemba."

"Ulowadi?"

"Nizayesa, mwana."

Ndinamutumizira.

Tsiku la komiti madamu anandipatsa nthawi ana asanaweruke. Ndinavala bulauzi ya ku tchalitchi. Foni ndinaitsamiritsa pa katoni ya sopo. Makina ochapira ndinazimitsa.

Anali anthu atatu pa tebulo lalitali, ndi Mayi Kalinde chakumapeto. Wapampando anali bambo wa mawu otsika. Chithunzi chinkaima n'kuyambanso. Anandifunsa za ntchito yanga, ndinayankha. Chifukwa chimene ndinasankhira mutuwo. Mmene ndinapezera amayi aja. Zimene Parker ananena, ndi pamene ndinatsutsana naye. Apa Mayi Kalinde anagwedeza mutu.

"Mukuidziwa bwino," anatero wapampando. "Koma munthu akhoza kuloweza ntchito yogula. Muli ndi zolemba zoyambirira?"

Ndinaonetsa mapepala a ku Satwa. Onse odzaza inki ya a Stafford.

"Dzanja limeneli ndi la ndani?"

"La munthu yemwe ankatithandiza Chingerezi."

"Ndi yemweyo anapereka ntchitoyi kwa wophunzira winayo?"

"Ndi yemweyo."

"Amalembera anthu?"

"Ndazindikira posachedwa."

Anayang'anana. Mayi wina wa magalasi anawerama kufupi ndi kamera. "Ndiye tidziwa bwanji kuti nonse awiri simunagule kwa munthu mmodzi?"

"Ndili ndi mboni. Ilowa."

Tinadikira. Ndinkayang'ana pakona pa foni, pomwe dzina la munthu wolowa limatulukira. Wapampando anamwa madzi. Wina anatsokomola. Uthenga unatsika pamwamba pa nkhope zawo. Emeldah.

"Sole mwana. Banipasa ma rumu yambili lelo. Siningachoke."

"Mboni ija?" anafunsa wapampando.

"Siibwera."

"Munthu wa inkiyu angalankhule nafe?"

"Wakana."

"Chabwino. Mwalemba kuti munajambula mawu pocheza ndi amayiwa. Tumizani mafayilowo ku imelo ya komiti. Tikamva kuti wofunsa mafunso ndinu, nkhani yatha."

Mafayilowo anali m'foni yomweyo. Kunali kungodina.

"Sindingathe."

"Mulibe?"

"Ndili nawo. Eni ake sanalole."

"Sitidzapatsa munthu wina."

"Ndikukhulupirira, bwana. Koma ndaona mmene fayilo imayendera ikachoka m'manja mwako. Ena mwa amayiwa akapezeka amangidwa."

"Mukudziwa kuti popanda zimenezo tilibe pogwira?"

"Ndikudziwa."

Ananditulutsa kuti akambirane. Ndinakhala ndikuyang'ana khoma. Panja wolima maluwa ankathirira kapinga. Atandilowetsanso, wapampando anawerenga osandiyang'ana. Disateshoni yakanidwa. Sindichotsedwa sukulu, chifukwa supavaiza wandilankhulira. Koma chaka chino sindimaliza. Ndikafuna, ndidzayambenso chaka chamawa, mutu wina, kuchokera pachiyambi. Nkhaniyi ikhala m'fayilo yanga.

Enawo anatuluka. Mayi Kalinde anatsala.

"Ine ndakukhulupirirani," anatero. "Koma ndinali ndekha."

"Zikomo, mayi."

"Mutu womwewu sangaulolenso. Mudzaganize wina. Ndipo ulendo uno chaputala chilichonse chizibwera kwa ine, chikadali chosapukuta. Mudzayambanso?"

"Sindikudziwa."

"Musayankhe lero."

Madamu anagogoda. "Tawina, yalla, fulumira, basi ya ana."

Ndinavula bulauzi, n'kuvala yunifolomu. Ndinayatsanso makina ochapira. Ndinatuluka kukaima pa geti, pa kamthunzi ka mpanda. Msewu unali zii. Mpweya wotentha ngati wochokera mu uvuni.

Foni inalira. Emeldah. Ndinayankha.

"Vayenda bwanji?"

"Aikana."

"Ah. Bakuchosa?"

"Ayi. Ndidzayambenso chaka chamawa. Ngati ndifuna."

"Ndiye ni bwino, ka. Sibanakuchose. Mulungu ni mukulu."

Kumbali kwake ndinkamva ngolo ya mashiti ikulira mawilo.

"Nenze kufuna kulowa, iwe. Zoona. Uziba mwamene vilili kuno."

"Ndikudziwa."

"Osakwiya na ine."

Anadikira. Kenako anatsitsa mawu.

"Manje pa Sande ubwela? Ni siku yanga. Ba ticha bakuti konkulushoni yanga ikalibe kukwana. Iwe ndiwe umaona bwino ma misteki."

Ndinamuuza kuti basi ya ana yafika. Inali isanafike.